Bambo wa Buku Limodzi

Pali mawu ena amene abambo a mumpingo timakonda kunena modzitama, chifuwa chili patsogolo: "Ine ndimawerenga Baibulo lokha basi, zinazi n'zadziko." Mawuwa amamveka oyera. Wowanenayo amaoneka ngati adasiyana nazo kale za pansi pano, ndipo omvera amagwedeza mitu movomereza. Amamveka kuntchito, pamaliro, m'minibasi ndi m'misonkhano ya abambo, ndipo ine ndikufuna kunena poyera kuti mawu amenewa ndi ulesi wovala jekete la Lamulungu. Ndikunena izi ndili Mkhristu, wa ukwati wodalitsidwa kutchalitchi, bambo wa ana atatu. Mlandu wanga uli ndi ife abambo amene tasandutsa Baibulo chobisaliramo kusawerenga kwathu, ovutika nazo n'kukhala akazi ndi ana athu.

Tiyambe ndi funso losavuta. Kodi n'zoona kuti bamboyu amawerenga Baibulo lokhalo? Mufunseni kuti adamaliza liti buku la Rute, limene lili ndi mitu 4 yokha, kapena la Yona, la mitu 4 yomwenso. Mudzamuona akukanda kumutu. Baibulo lake limagona pamwamba pa kabati sabata yonse, kapena m'galimoto pafupi ndi galasi lakutsogolo kumene dzuwa lalipinda chikuto, ngati chithumwa choletsa ngozi. Limatsegulidwa Lamulungu mlaliki akatchula ndime, n'kutsekedwa mlalikiyo asanamalize n'kuwerenga komwe. Masiku ano zafika pena. Vesi limabwera lokha m'bandakucha pa WhatsApp, litakongoletsedwa ndi maluwa ndi nkhunda, bambo n'kulemba "Amen", n'kulitumiza kwa anthu makumi awiri. Kuwerenga kwa tsikulo kwathera pomwepo. Chonsecho Baibulo ndi nkhokwe ya mabuku 66, kwa anzathu Achikatolika 73, olembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka mazanamazana: mbiri, malamulo, ndakatulo, miyambi, makalata, masomphenya. Munthu amene amawerengadi zonsezi amazolowera kukhala pansi ndi buku ola lathunthu, ndipo munthu wotere sindidamuonepo akudana ndi mabuku ena. Odana ndi mabuku ndi aja amene Baibulo lomwelo amangolinyambita.

Kunyambitako kumaonekera m'nyumba. Palibe mwamuna wa mumpingo amene sadziwa kuti pa Aefeso 5 pali ndime youza akazi kumvera amuna awo. Ngakhale uja amasokoneza Eliya ndi Elisa, iyi yokha amaidziwa ndi nambala yomwe, 22. Koma tsikani pang'ono mufike pa 25, pamene mwamuna akulamulidwa kukonda mkazi wake mpaka kutaya moyo chifukwa cha iye. Pamenepo palibe cholembera chidadutsapo. Chimodzimodzinso mutu 6. Ndime yoyamba, ya ana kumvera makolo, timaiimba ngati nyimbo ya fuko, pamene ndime 4, yoletsa atate kuputa mkwiyo wa ana awo, timaidumpha ngati chithaphwi. Uku ndi kuwerenga kwa loya wosakasaka mfundo yopambanira mlandu. M'nyumba zambiri mapemphero a madzulo asanduka bwalo la milandu, ndipo bambo ndiye wosuma, ndiye woweruza, ndiyenso mwini buku la malamulo. Mwana akaswa mbale masana amadziwiratu kuti vesi la usiku uno n'lake. Mayi akafunsa kumene kwalowera malipiro a mwezi amadziwa kuti Aefeso ali m'njira. Ana oleredwa chonchi amakula akudziwa kuti buku ndi chikwapu, ndipo palibe mwana wokonda chikwapu. Akakula n'kusiya tchalitchi timati ndi satana, kapena timati sukulu yapamwamba yawawononga.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo lenilenilo siliudziwa mwambo wa buku limodziwu. Mose adakulira m'maphunziro a Aigupto. Danieli ndi anzake adakhala zaka zitatu akuphunzira chinenero ndi zolemba za Ababulo. Paulo, polalikira Agiriki, adatchula mawu a alakatuli awo achikunja, kusonyeza kuti ankawadziwa. M'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo, ali m'ndende imfa itayandikira, adapempha kuti amubweretsere chofunda chake ndi mabuku. Nkhalamba yoyembekezera lupanga ikupempha mabuku, ife a malipiro a mwezi ndi mwezi tikuti tilibe nawo ntchito!

Nanga nkhani zopeka, zimene abambo ena amati ndi mabodza osayenera Mkhristu? Mneneri Natani atafuna kudzudzula mfumu Davide pa nkhani ya mkazi wa Uriya sadayambe ndi lamulo, pakuti lamulolo Davide ankalidziwa bwino lomwe ndipo silidamuletse. Adamupekera nthano ya munthu wosauka ndi kankhosa kake kamodzi. Davide adapsera mtima wolemera wa m'nthanoyo, n'kudziweruza yekha asanazindikire. Yesu nayenso adachita chimodzimodzi. Mwana wolowerera uja alibe dzina, alibe mudzi, palibe amene adaonapo manda ake. Ndi nkhani yopeka, ndipo yabweza anthu ambiri kwawo kuposa maulaliki athu onse kuphatikiza pamodzi. Amene akuti kupeka nkhani ndi bodza ayambe wang'amba mafanizo onse m'Baibulo lake, tione kuti Luka atsala ndi masamba angati.

Mbiri ya mpingo kuno kwathu nayonso ikutitsutsa. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, litamasuliridwa ndi gulu lotsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi aphunzitsi achikuda odziwa chinenero. Anthu amenewa sadanene kuti ntchito yatha, buku limodzi lakwana. Mishoni yomweyo ya Nkhoma ndiyo idalera Samuel Josia Nthara, mphunzitsi amene adalemba Nthondo, nkhani yopeka yotsata moyo wa munthu: kubadwa, kulowerera kwa unyamata, ufumu ndi kutembenuka mtima. Bukuli lidapambana pa mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young, amene adali mmishoni wa Livingstonia, adalimasulira m'Chingerezi. Nthara yemweyo adalembanso Mbiri ya Achewa, osaona kuti kufufuza za makolo kungamuchotsere chikhristu. Buku lotchuka la John Bunyan lonena za ulendo wa Mkhristu, limene lidatuluka ku England mu 1678, ndi lopeka kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, koma agogo athu ankaliwerenga m'Chinyanja pambali pa Baibulo popanda wowakayikira. Akatolika adaika makina osindikizira ku Likuni ndi ku Limbe, ndipo ku Limbeko ndi kumene kudachokera magazini ya Moni ndi mabuku ambiri a nkhani za Chichewa amene ena tidakula nawo. Mu 1968 mipingo idakhazikitsa bungwe la CLAIM kuti lizisindikiza ndi kugulitsa mabuku. Zolemba za Chichewa zidabadwira m'nyumba ya mpingo. Bambo wozinyoza m'dzina la chikhristu akukana mwana wa m'nyumba yake yomwe.

Wina afunsa kuti n'chifukwa chiyani ndalimbana ndi abambo, kusiya amayi ndi aphunzitsi. Chifukwa chake n'chakuti ife tidalandira katundu amene makolo athu aamuna sadamusenzepo okha. Kumudzi kwa Achewa mwamuna adali mkamwini. Ana adali a mbumba ya mkazi, ndipo wowayang'anira weniweni adali malume awo. Nthano ankakamba ndi agogo madzulo pamoto. Anyamata ankatola nzeru kumphala ndi kubwalo, atsikana kwa anamkungwi. Mwana ankaleredwa ndi pakamwa pambiri, kotero kuti bambo akakhala wosalankhula mwanayo sankaferatu ndi njala ya mawu. Chikhristu, sukulu ndi ntchito ya malipiro zidasintha zonsezi. Lero banja lili m'nyumba ya lendi ku Area 25 kapena ku Chilomoni, mpanda wa njerwa kuzungulira, agogo ali ku Dowa, malume ali ku Johannesburg ndipo amangoimba foni pa Khirisimasi. Dzina lakuti mutu wa banja bambo adalilandira ndi manja awiri. Ntchito ya agogo, ya malume ndi ya kubwalo, imene idabwera mumtolo womwewo, adaisiya panja pa geti. Ndiye mwana wa m'tauni akule ndi mawu a ndani? Ngati bambo alibe nthano m'mutu, ndipo ambirife tilibedi chifukwa tidachoka kumudzi tili aang'ono, buku ndi agogo okhawo amene angakwane m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Timati aphunzitsa a kusukulu. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi adadzaza mpaka pansi pa mitengo. Mphunzitsi wa ana oposa 100 angathe kuphunzitsa a, e, i, o, u. Kukonda buku sangaphunzitse. Chimenecho mwana amatengera kunyumba, ndipo amatengera poona. Akale adati make mbuu, mwana mbuu, koma mwambiwu tidaukankhira kwa amayi okha ngati kuti abambo tidasamba kale. Mwana amene sadaonepo bambo ake atakhala phee ndi buku, koma tsiku ndi tsiku amawaona atawerama pa foni, kapena akukuwira osewera a Arsenal ndi Manchester United amene sakuwamva n'komwe, waphunzira kale chimene mwamuna wamkulu amachita akapeza mpata. Mukamukalipira kuti "Iwe, kawerenge!" iye amamva kuti kuwerenga ndi chilango cha ana, chimene munthu amamasukako akamera ndevu. Zotsatira za mayeso zikabwera zoipa timathamangira kukalipira mayi ake, kuiwala kuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Komabe amene amapindula kwambiri ndi buku m'nyumba ndi bambo mwini wake. Ife abambo, makamaka ogwira ntchito m'boma, tsiku lonse timakhalira kulamula kapena kulamulidwa. Kalata ya muofesi ili ndi mutu, ndime zitatu, siginecha ndi chidindo. Mulibe malo ofunsira kuti woilandirayo agona bwanji usiku umenewo. Chinenero chimenechi timabwera nacho kunyumba m'chikwama. Buku la nkhani ndi malo okhawo amene mwamuna wamkulu amakakamizika kukhala chete maola angapo, kumvetsera munthu wina osamudula mawu: mtsikana amene watenga pathupi ali pasukulu, mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda ndi mphasa yomwe, mnyamata amene wabwera m'tauni kudzafuna ntchito n'kupeza njala. Munthu wa m'buku sungamulalikire. Sungamuuze kuti "khala chete, ndikulankhula ndine." Umangomutsata mpaka tsamba lomaliza, ndipo pofika pamenepo umadziwa chimene chidamuchititsa, ngakhale usagwirizane naye. Luso lomva kaye usanaweruze ndi limene likusowa patebulo pathu, ndipo silibwera ndi ubatizo. Limachita kuphunziridwa, ngati kupalasa njinga.

Kwathu magetsi akazima timawerenga mokweza, tochi ili patebulo. Anyamata anga awiri, osiyana zaka ziwiri, adafika pokanganirana chilichonse: njinga, nsapato, mpando wa pafupi ndi zenera. Nkhani ya Kaini ndi Abele ankaidziwa kuchokera ku Sande Sukulu, ndipo ankaiyankha ngati funso la mayeso, mofulumira ndi mopanda kumva kanthu. Tidatenga Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, pang'onopang'ono usiku uliwonse, ine ndi mayi awo tikusinthana. Ndi nkhani ya abale, nsanje, magazi, ndi mbalame yokana kukhala chete. Titafika pa imfa, wamng'ono adafunsa kuti, "Adadi, munthu angaphedi mbale wake chifukwa cha katundu?" Wamkulu, amene kawirikawiri mawu ake ndi owerengeka, ndiye adayankha. Adati nkhani si katundu ayi, ndipo m'yankho lakemo mudatuluka dandaulo limene adalisunga nthawi yaitali, lakuti kusukulu ndi kutchalitchi komwe aliyense amamuyerekeza ndi mng'ono wake wokhoza masamu. Sindikunena kuti adasanduka angelo. Njinga akuikanganiranabe mpaka lero. Koma sabata yotsatira titatsegula Genesis 4 adafunsa mafunso amene sadafunsepo, ndipo ena mwa mafunsowo adandituma kwa abusa.

Za ukwati nazo tinene. Mabanja ambiri a zaka khumi ndi zisanu kupita m'tsogolo atsala ndi nkhani zitatu zokha: ndalama, ana ndi maliro. Zitatu zonsezi zimathera m'mkangano kapena m'chisoni. Mwamuna ndi mkazi amene awerenga buku limodzi amakhala ndi nkhani yachinayi, imene angatsutsanepo mpaka usiku popanda wina kumanga katundu. Mkazi akamaweruza mwamuna wa m'buku, mwamuna wanzeru amatchera khutu, pakuti nthawi zina akuuzidwa ndi iye, mwaulemu umene akazi a kwathu amaudziwa. Ndipo tisadzinamize, m'nyumba zambiri wowerenga ndi mayi. Ndiye amawerenga kabuku ka kusikelo, lipoti la kusukulu, phunziro la kumsonkhano wa amayi pakati pa sabata, ndi homuweki imene bambo amangoisayina. Mutu wa banja umene umadziwa zochepa kuposa thupi lake ndi mutu wa pachithunzi.

Ndikudziwa zimene anzanga ayankhe. Choyamba anena za ndalama. N'zoona, mabuku adakwera, makamaka kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wa malipiro a boma amafika pa 15 thumba litaphwa. Koma bambo yemweyo sasowa ya bandulo ya intaneti, sasowa yolipirira kanema wa mpira, ena sasowa ngakhale ya kubetcha. National Library Service idakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo ili ndi nthambi m'mizinda yathu. Lowanimo muone amene akhala pamipando: ana a sukulu okonzekera mayeso okhaokha. Mukaona mutu wa imvi, mwina ndi wogwira ntchito momwemo. Mabuku akale amayalidwa pansi m'mbali mwa misewu ya ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo buku limodzi lingazungulire mabanja asanu a mumpingo umodzi. Za nthawi sindichedwapo. Munthu wokhala pa bawo maola atatu Loweruka asandiuze za nthawi.

Yankho lachitatu lokha ndilo lili ndi fupa: kuli mabuku oipa. Alikodi, ndipo bambo ali ndi udindo woteteza nyumba yake. Koma adzalidziwa bwanji loipa ngati sadziwa labwino? Mlonda wosadziwa nkhope za eni nyumba amathamangitsa mwana wa bwana, mbala n'kuitsegulira geti. Kuletsa zonse kudali kotheka kale. Lero mwana ali ndi foni pansi pa bulangete, ndipo chomuteteza chokha ndi lilime lozolowera zabwino, lotha kulavula zowola. Ndiponso tinene zoona: mabuku oipitsitsa amene ndawaona m'nyumba za Akhristu ndi olembedwa kuti achikhristu pachikuto. Timabuku ta njira zisanu ndi ziwiri zolemerera msanga, ta kumasulira maloto, ta kuthyola matemberero a kumtundu, timene timaphunzitsa munthu kuti umphawi wake adaumanga ndi agogo ake akumudzi kapena azakhali osabereka. Bambo wa buku limodzi uja timabuku totere amatilola, chifukwa tili ndi mavesi pa tsamba lililonse, ndipo iye alibe muyeso wina woyesera buku koma kuwerenga kuchuluka kwa mavesi. M'dziko limene nkhalamba zaphedwapo pa mlandu wa ufiti, monga zinayi zija za ku Neno mu 2016, zolemba zoterezi zikusonkhezera moto woyaka kale. Nthondo sadatumepo munthu kukagenda agogo ake.

Pali chizindikiro china chimene chimandiuza kuti nkhani pano si chiyero. Mu 1998 kudatuluka Buku Loyera, Baibulo la m'Chichewa cha masiku ano, limene Akatolika ndi mipingo ina adagwirira limodzi ntchito kuti wowerenga athe kumva zimene akuwerenga. Abambo ena mpaka lero salilola m'nyumba. Amati lakale lija ndilo lili ndi mphamvu. Buku Lopatulika ndimalikonda, ndidakula nalo, ndipo kukoma kwa mawu ake sikudzatha. Koma mukawafunsa abambowa tanthauzo la mawu ena akale amene akuwateteza, yankho limasowa. Chimene amakonda ndi kulira kwa mawuwo, ndi ulemu umene amapeza pokhala okhawo owatchula m'nyumba. Mwana akamva yekha Baibulo, bambo ntchito ya womasulira yamuthera, ndipo ayenera kuyamba kuyankha mafunso.

Mipingo nayo isathawe. Pa ulangizi wa ukwati achinyamata amauzidwa za kuchipinda, za apongozi, za chakhumi ndi za bajeti. Sindidamvepo mlangizi akufunsa mnyamata kuti adzawawerengera chiyani ana ake. Patebulo la panja pa tchalitchi, pamene kale pankakhala mabuku, lero pali zitenje, makalendala ndi zomata pagalimoto. Magulu a abambo ali pafupifupi mumpingo uliwonse tsopano, ali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Chingawalepheretse n'chiyani kupatula madzulo amodzi pamwezi, kutenga Kukula ndi Mwambo la Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani, kapena Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, kuliwerenga, n'kudzatsutsana ngati amuna, Baibulo lili potsegula pambali? Sizifuna thandizo lochokera kunja, sizifuna msonkhano wa kunyanja wokhala ndi alawansi.

Ganizoli ndidalipereka ku gulu lathu la abambo. Wapampando adandithokoza mwaulemu, nati, "Achimwene, mfundo yanu ndi yabwino kwambiri, tiika pa zina ndi zina." Msonkhano udatenga maola awiri ndi theka. Nthawi idatha tisanafike pa zina ndi zina, chifukwa tidali tisanagwirizane ngati tayi ya yunifolomu yathu ikhale yofiira kapena yobiriwira.